Salaula wa mabuku kumbuyo kwa Cairo Road

Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale ku Chawama, ndipo ndabwerera kusukulu ndili ndi zaka 41. Ndikuchita digiri ya History ndi Sociology pa maphunziro a patali, aja oti umawerenga uli kwanu n'kumapita kukakumana ndi malekichara nthawi ya tchuthi. Ana ndili nawo atatu, ndipo malipiro anga amatha tsiku la 20 la mwezi lisanafike. Tsiku lomwe ndinakafunsa mtengo wa buku latsopano la Sociology m'sitolo ina ya ku mall, lija lonenepa ngati njerwa, ndinangolibwezera pa shelefu mwaulemu ngati mwana wa eni ake, n'kutuluka osatsanzika.

Mnzanga wina wa ku Katete yemwe timaphunzira limodzi ndiye anandilondolera kwa mdala wina wogulitsa mabuku akale m'tauni. Ndi kachipinda kakang'ono m'kanjira ka pakati pa Cairo Road ndi Cha Cha Cha Road, kopanikizana pakati pa telala ndi mnyamata wokonza mafoni. Chikwangwani chake chinafufutika kale. Ife timangoti "kwa salaula wa mabuku". Ndapitako kanayi chiyambire Januwale, ndiye ndikuona kuti ndingathe kunenapo kanthu.

Chinthu chabwino kwambiri m'sitoloyi ndi mwini wakeyo. Ndi bambo achikulire a ku Chadiza, anapuma pa ntchito ya uphunzitsi wa ku sekondale, ndipo mabuku awo anawawerengadi. Tsiku loyamba ndinawapatsa kapepala ka mayina a mabuku. Anakayang'ana pang'ono n'kukaika pambali.

"Aphunzitsi, mayinawa asiyeni kaye. Mukulemba za chiyani?"

Ndinawauza kuti asayimenti yanga ikufunsa zomwe zimachitikira anthu boma likawasamutsa chifukwa cha chitukuko. Anakwera pa kampando, nafufuza pamwamba penipeni, n'kutsika ndi buku la Elizabeth Colson la mu 1971, lofotokoza za Atonga a ku Gwembe. Damu la Kariba pomangidwa pa mtsinje wa Zambezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, anthu pafupifupi 57,000 a mbali zonse ziwiri za mtsinjewo anachotsedwa m'midzi yawo. Mayi Colson anayamba kukhala pakati pawo mu 1956, madzi asanakwere, ndipo anapitiriza kuwayendera kwa zaka zambirimbiri mpaka anadzamwalirira konkuno, ku Monze, mu 2016. Zonsezi mdala uja anandiuza ataimirira, akupukuta fumbi pa chikuto ndi mkono wa malaya. Ndinalipira K180. Ndinaliwerenga masiku anayi, ndipo usiku wina ndinalira, chifukwa nkhani ya anthu osiya manda a makolo awo kuti amizidwe ndi madzi siifuna digiri kuti uimve. Asayimenti ija ndi imene ndinakhoza bwino kuposa zonse chaka chino.

Shelefu imeneyi ya mabuku onena za Zambia ndiyo chuma cha sitoloyi. Ambiri ndi ochokera kwa akatswiri a Rhodes-Livingstone Institute, bungwe lofufuza za chikhalidwe cha anthu lomwe linayambira ku Livingstone chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, n'kudzasamukira kuno ku Lusaka, kenako n'kukhala gawo la University of Zambia. Pomwepo ndinapeza kabuku kopyapyala ka J. Clyde Mitchell ka mu 1956, konena za gule wa kalela ku Luanshya. Munthu anaona anyamata akuvina Lamlungu masana, atavala bwino ngati akalaliki a mu ofesi, akuimba nyimbo zoseka mitundu ina, ndipo kuchokera pamenepo anafotokoza mmene anthu obwera ku migodi amadziwirana kuti uyu ndani, uyo ndani. Ndikamawerenga ndimaona Chawama yemwe ndikukhalamo lero, mmene Mngoni ndi Mbemba amanyozanirana pa basi aliyense akuseka. Mabuku akuluakulu a Sociology obwera kuchokera kunja sandipatsa zimenezi. Zitsanzo zawo ndi za mabanja a ku England ndi mafakitale a ku America, ndipo umachita kudzikoka kuti uzigwirizanitse ndi moyo wa pa komboni.

Ndinagulanso buku la mbiri ya Zambia la Andrew Roberts. Pa chikuto pali kamtengo kakale ka K85,000, ka nthawi ija tisanachotse maziro atatu pa kwacha mu 2013. Ndinawaseka kuti ndiye ndilipire K85, iwo anati, "Mayi, nthawi imeneyo thumba la ufa munkagula zingati?" Tinagwirizana K200. Bukuli ndi labwino, koma kumbukirani kuti linatuluka mu 1976, Kaunda akadali pampando. Za 1991, pomwe zipani zambiri zinabwerera ndipo Chiluba anapambana, simuzipezamo.

Tsopano pomwe ndinapsa.

Ulendo wachiwiri ndinagula buku lophunzitsa kalembedwe ka ku yunivesite: mmene umayalira mfundo, mmene umatchulira eni ake a maganizo omwe wabwereka, ndi mmene umalembera mndandanda wa mabuku kumapeto. Linali loyera bwino, K120 yokha, ndipo ndinalitsatira ngati katekisimu. Pepala litabwerera, tsamba lomaliza linali lofiira ngati pophera mbuzi. Buku langa limatsatira APA, malamulo a katchulidwe ka mabuku, edishoni yachisanu ndi chimodzi, pamene ife timafunika kutsatira yachisanu ndi chiwiri, yomwe inatuluka mu 2019. Kusiyana kwake n'kwa tinthu ting'onoting'ono. M'yatsopanoyi sulembanso mzinda womwe buku linasindikizidwira, ndipo olemba akakhala atatu kapena kuposerapo umatchula woyamba yekha n'kuwonjezera "et al.", kutanthauza "ndi anzake", kuyambira pomwe wawatchula koyamba. Ine ndinali nditalemba London, London, New York mzere uliwonse, monyadira. Mamalikisi anapita. Mlandu wina ndi wanga, chifukwa sindinafunse. Koma mdala uja za maedishoni sazisamala konse. Kwa iwo buku ndi buku. Nditawadandaulira anangoti, "Chiganizo chabwino sichikalamba, aphunzitsi." Zoona, koma si chiganizo chomwe anandichotsera mamalikisi.

Chimodzimodzinso mabuku oyambira a Sociology, Economics ndi Political Science. Alipo milu, otchipa, koma ambiri ndi a zaka makumi awiri zapitazo kapena kuposa. Za akatswiri akale monga Durkheim, Weber ndi Marx mungawerenge m'menemo popanda vuto, anthuwo anamwalira kale ndipo sasinthanso maganizo. Koma manambala a chiwerengero cha anthu, za umphawi, za ntchito, zonsezo n'zakutha. Ndipo lekichara akati werengani mutu 9, mutu 9 wa edishoni yanuyo ukhoza kukhala nkhani ina.

Ena mwa mabukuwa si enieni, ndi mafotokope omangidwa ndi waya. Limodzi lomwe ndinatenga linalumpha kuchoka pa tsamba 212 kufika pa 229, ndipo ndinazindikira usiku, mawa lake kuli mayeso. Pamenepa ndiwayamike, anandisinthira osakangana nane, ngakhale risiti sapereka. Amalemba dzina lako m'kope la sukulu basi. Muziwerenga manambala a masamba musanalipire. Muzinunkhizanso, chifukwa mabuku a m'munsi anamwa chinyezi cha dzinja ndipo ena chiswe chinayambapo kale. Magetsi akazima mkatimo mumakhala mdima wa ndiweyani, tochi ya pafoni ndiyo imakuthandiza. Pokhala palibe, kupatula kampando kaja amakwerapo.

Chinthu chimodzi sichinandisangalatse. Buku lina la mbiri ya Amaravi ndi ufumu wa Undi, lomwe ndinalifuna kwambiri poti kwathu ndi kufupi ndi ku Mkaika komwe timakachita Kulamba, linali ndi chidindo cha laibulale ina mkati, wina atayesa kuchifuta ndi inki. Ndinawaonetsa. Anati amagula mabuku m'makatoni kwa ana asukulu omaliza maphunziro ndi kwa mabanja a aphunzitsi omwalira, sangayang'ane lililonse. Mwina n'zoona. Ine ndinalisiya, chifukwa ndikudziwa kuwawa kwake kopita ku laibulale n'kupeza buku lilipo m'kaundula koma pa shelefu palibe.

Mtengo amanenerera, makamaka ukatenga awiri kapena atatu, ndipo ndalama za pafoni amalandira. Loweruka amatseka msanga, chifukwa masana amapita ku kwaya.

Kodi ndingatumizeko mnzanga? Wa History, kapena aliyense wolemba za Zambia, apite mawa lomwe, ndipo apite ndi funso lake m'mutu kuti mdalayo amufufuzire. Wofuna buku la kalembedwe kapena lomwe lekichara watchula edishoni yake, ameneyo asonkherane ndi anzake agule latsopano limodzi, azibwerekana. Ifenso tatero, anthu asanu, ndipo sabata ino lili kwa ine.

Pa Lachisanu ndinadutsako pochokera kuntchito. Anandionetsa buku la Walter Rodney la mu 1972, lonena za mmene Ulaya unasaukitsira Africa, lachikuto chong'ambika koma masamba onse alimo, ndinawerenga manambala ake ndekha. Ndalama ndinalibe. Analiika pansi pa tebulo, nalemba m'kope muja kuti "aphunzitsi a ku Chawama, kumapeto kwa mwezi".