Maonekedwe, Dongo kapena Labotale: Kuyerekeza Njira Zogawira Mapale a ku England Wakale

Munthu amene walandira mabokosi a mapale ofukulidwa kum'mawa kwa England, ochokera m'nyengo ya Asaxon (anthu ochokera kumpoto kwa Ulaya amene anakhazikika ku England kuyambira m'zaka za m'ma 400) kufika m'zaka za m'ma 1400, ayenera kusankha msanga poyambira: kugawa motsatira maonekedwe a mphika, motsatira dongo lake, kapena kudalira labotale. Njirazi zimasiyana mtengo, ndipo iliyonse ili ndi mapale amene imawatha bwino ndi ena amene imalephera.

Yakale koposa ndi ya maonekedwe ndi zokongoletsa. Katswiri wa zofukula J. N. L. Myres, amene ntchito yake yaikulu inatuluka mu 1977, anagawa mitsuko yosungiramo phulusa la akufa poyang'ana kaumbidwe, mizere ndi zidindo zake. Kumanda ngati a Spong Hill ku Norfolk, kumene anafukula maliro owotchedwa oposa 2,000, njirayi imapindula, chifukwa mitsuko yambiri imatha kulumikizidwanso, ndipo chidindo chimodzi chikapezeka pa mitsuko ingapo chimaloza kwa woumba mmodzi kapena gulu lake. Ndi mmenenso akatswiri ku Malawi amasiyanitsira mbiya za Nkope ndi za Mawudzu, poyang'ana mlomo ndi zojambula. Koma pamudzi wakale, pamene zotuluka m'nthaka ndi tizidutswa ta mimba ya mphika topanda mlomo kapena cholemba chilichonse, njirayi imasowa chogwira. Ngakhale ndondomeko ya mayina a maonekedwe imene bungwe la Medieval Pottery Research Group linatulutsa mu 1998 imathandiza pokhapokha phale likhale lalikulu mokwanira kusonyeza kuti linali mphika, mbale kapena jagi.

Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku ndimaika patsogolo njira ya dongo. Mumabenthula kangodya ka phale kuti mkati muoneke mwatsopano, mumayang'ana pa maikulosikopu yokuza ka 20, kenako mumayerekeza ndi mapale achitsanzo a chigawo chimene mapalewo afukulidwa. Mbiya za St Neots (mitundu ya mbiyayi imatchedwa ndi mayina a matauni) zimadziwika ndi zigoba zankhono zosinja zimene zimadzaza dongo lake, ndipo kadontho ka asidi wosungunula kamachita thovu pa izo. Za Stamford n'zadongo losalala loyererako, zoumbidwa pa gudumu, ndipo zina zinkapakidwa chonyezimira cha mtovu kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 800. Za Ipswich n'zochindikala, zotuwa, zokhala ndi mizere yozungulira paphewa. Diso lozolowera limagawa mapale ambiri pa tsiku popanda kulipira labotale. Chotopetsa chake n'chakuti chigawo chilichonse chili ndi zizindikiro zakezake: zimene ku Oxford amazilemba OXR, m'ndondomeko imene Maureen Mellor anakonza, ku London amazilemba NEOT, pamene zonsezo ndi mbiya za St Neots. Wofuna kuyerekeza malipoti a zigawo ziwiri amayamba wataya nthawi kulumikiza zizindikirozi.

Diso likafika polekezera, labotale ili ndi njira ziwiri, ndipo apa ndi pamene ndalama zimaonongeka ngati munthu sanasankhe bwino. Yoyamba, imene David Peacock anaitchukitsa ku Britain ndipo Alan Vince anaigwiritsa ntchito kwambiri pa mbiya za nyengozi, ndi kupala kachidutswa ka phale mpaka kuchindikala kwake kufike mamilimita 0.03, n'kukaunika kuti timiyala ta m'dongo tidziwike mtundu wake. Imayenera miphika youmba pamanja ya nyengo yoyambirira ya Asaxon, imene dongo lake lili ndi timiyala tatikulu. Chitsanzo chodziwika ndi mbiya zotchedwa za Charnwood, zokhala ndi zidutswa za mwala wa ku Mountsorrel ku Leicestershire koma zopezeka kutali ndi kumeneko. David Williams ndi Vince anaona umboni wa miphika yoyenda mtunda. Ena amatsutsa kuti madzi oundana a makedzana anamwaza mwala womwewo m'madera ena, choncho woumba akanatha kuupeza m'dongo la kwawo. Ine ndimaona kuti mkanganowu ukusonyeza malire a njirayi: imatchula mwala molondola, koma sinena mmene mwalawo unafikira m'dzanja la woumba.

Yachiwiri, yotchedwa ICP, imasinja kachidutswa kukhala ufa n'kuyeza kuchuluka kwa zinthu monga ayironi, aluminiyamu ndi potaziyamu. Mphamvu yake ili pa miphika imene njira yopala ija siithandiza, ya dongo la mchenga wamba umene umafanana kulikonse. Mbiya za mtundu wa Thetford zili choncho: zinkaotchedwa ku Thetford, ku Norwich, ku Ipswich ndi ku Grimston, ndipo phale lotuwa lamchenga silisonyeza mosavuta kuti latuluka mu uvuni uti.

Pa nkhani ya zaka, njira zonsezi sizipereka yankho pazokha. Mbiya za Ipswich zinkaikidwa kuyambira cha m'ma 650 potsatira John Hurst, ndipo chimene chinakankhira chiyambi chake ku zaka za m'ma 720, m'kafukufuku wa Paul Blinkhorn, ndi kuunikanso malo amene mapalewo anapezeka pamodzi ndi zinthu za zaka zodziwika monga ndalama zachitsulo. Ku London, mndandanda wa mbiya unakhazikika chifukwa cha matabwa otchingira gombe la mtsinje wa Thames, monga a ku Trig Lane ndi ku Billingsgate, amene zaka zake zinawerengedwa pa mizere yozungulira ya mkati mwa mtengo, imene imasonyeza zaka zake.

Wokhala ndi ndalama zochepa agawe kaye mapale onse pa maikulosikopu, alembe maonekedwe pamene mlomo ulipo, ndipo atumize ku labotale okhawo amene ali ndi funso lenileni. Asanalipire ICP afufuze ngati alipo mapale a miphika yoonongeka pootcha, otoledwa pa uvuni wodziwika, oti ayerekezere nawo, chifukwa popanda amenewo zotsatira zimangoika mapale m'magulu osatchula kumene gulu lililonse linaumbidwa.