Grant yoyambira kafukufuku wa maganizo a achinyamata: mmene inandiyendera ine kuno ku Chipata

Anzanga ambiri mwakhala mukundifunsa pa WhatsApp ati nanga zija za grant zinatha bwanji, tilembe nafe kapena ndi kutaya nthawi chabe? Ndiye ndati ndilembe kamodzi aliyense awerenge. Dzina la bungwelo sinditchula, koma ndi limodzi mwa aja amapereka kandalama kochepa kwa anthu ongoyamba kumene kafukufuku pa nkhani ya matenda a maganizo pakati pa achinyamata. Ine ndine nasi pa kiliniki ina kunja kwa tauni, ndipo nkhani yanga inali ya atsikana amene abereka asanakwane zaka 20.

Chimene chinandikoka poyamba nchakuti sanafunse kuti mwasindikizapo mapepala angati kapena muli ndi masters. Mafomu ena ukangotsegula amafuna PhD, amafuna dzina la yunivesite, manje munthu ali ku Chadiza kapena ku Vubwi azitenga kuti zimenezo? Awa anafunsa vuto limene ndikuliona, mmene ndidzalifufuzire ndi bajeti basi, pulopozo ya masamba ochepa. Ndinalemba m'chaka chija cha 2024 malaiti akungozima chifukwa madzi anachepa ku Kariba, mbali ina pa foni mbali ina pa laputopu yobwereka, ndipo netiweki itandidula tsiku lotsiriza anandilola kutumiza pa imelo mmawa mwake. Pamenepo anaonetsa umunthu.

Vuto lake si la m'mabuku ayi, timaliona tsiku la sikelo. Mtsikana wa zaka 16 wabereka mwana kumsana, sakamba ndi munthu, mwana akulira iye maso ali kutali, ukamufunsa ati ndili bwino. Ife timayeza mwana, kulemba pa khadi, wotsatira abwere. A WHO, bungwe la zaumoyo la dziko lonse lapansi, amati mwa achinyamata 7 a zaka 10 mpaka 19 mmodzi ali ndi vuto la maganizo, ndipo kafukufuku wa dziko lonse wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo (ZDHS) wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 a zaka 15 mpaka 19 muno m'Zambia anali atabereka kale kapena ali ndi pakati. Lamulo latsopano la Mental Health Act tinalandira mu 2019, koma chipatala chachikulu cha matendawa ndi Chainama ku Lusaka, mtunda wa makilomita oposa 500, ndipo kumudzi ukangotchula Chainama anthu amamva kuti misala basi.

Chabwino koposa pa zonse sizinali ndalama, anali amayi amene anandipatsa kuti azindiyang'anira, a dokotala ozolowera kafukufuku, timakamba pa foni kawiri pa mwezi. Ine ndinatenga mafunso aja a PHQ-9, mafunso 9 ofunsa mmene munthu wamvera m'masabata awiri apitawo, nkuwamasulira usiku umodzi ndili wokondwa kuti ndamaliza. Iwo ati ayi sisita, kayeseni kaye kwa atsikana angapo mumve mmene akuyankhira. Zoonadi, mawu amene ndinaika palibe anawamva. Mtsikana wa kuno sanena kuti ndili ndi depression, amati mtima ukundiwawa, amati maganizo andichulukira, wina ati mutu wanga sukhala pamodzi, wina ati tulo sindiliona. Funso la kusasangalala ndi zinthu ena anamva ngati ndikufunsa za chakudya. Tinakhala pafupifupi mwezi pa mawu okhaokha, kumasulira, kupatsa munthu wina abwezere m'Chingelezi osaona choyambacho, kufananitsa, kukonzanso, ndipo mpaka lero ndikamacheza ndi odwala ndimagwiritsa ntchito mawu amene atsikana aja anandiphunzitsa.

Ndiye pali funso la nambala 9 lija, lofunsa ngati munthu amaganizapo kuti bola kufa kapena kudzipweteka. A dokotala anakana kuti ndiyambe ndisanalembe papepala kuti mtsikana akati inde ndichita chiyani ola lomwelo, ndimuuza ndani, ndimuperekeza kuti, mawa adzamuona ndani. Nthawi imeneyo ndinaona ngati akundichedwetsa koma atsikana anayankhadi inde, osati mmodzi, ndipo pepala lija ndi limene linandigwira dzanja. Aliyense timamusiyiranso manambala aulere a 116 ndi 933 oimbira munthu akafuna uphungu kapena thandizo, ngakhale ambiri foni ndi ya amuna awo kapena ya amayi awo.

Manje zimene sizinandikomere. Ndalama amapereka m'zigawo, ndipo gawo lachiwiri linachedwa mpaka mvula inayamba, misewu yoterera, anthu onse ali kumunda kupalira, ndani akhale pansi kuyankha mafunso ako? Amene anakonza kalendala ija sadziwa kuti kuno chaka chimayendera dzinja. Kachiwiri nkhani ya malisiti. Amafuna lisiti pa kwacha iliyonse, koma kumidzi timayenda pa njinga za anyamata aja onyamula anthu kapena pa honda, mnyamata wa njinga lisiti alitenga kuti? Pambuyo pake anavomera kuti azisaina pa pepala ine nkujambula, koma zinatenga maimelo ambiri maningi kuti timvane. Komanso sanatichenjeze bwino kuti komiti yoona za chilolezo cha kafukufuku imalipiritsa ndipo imafuna nthawi yake, ine ndinachotsa m'thumba.

Koma chimene chimandipweteka mpaka pano ndi ichi. Ndalamazo ndi zofufuzira chabe, zothandizira mulibe. Wapita, wafunsa mtsikana zakukhosi kwake, walira pamaso pako, wamupatsa ya transipoti, ndiye grant yatha. Mu bajeti analola kusindikiza chipepala chachikulu chokaonetsa ku msonkhano koma yobwerera ku midzi kukauza eni ake zimene tapeza ati sizili m'malamulo awo. Ine ndikuona kuti apa alakwitsa, chifukwa amfumu ndi makolo anatilola kulowa m'midzi yawo, ena anasainira ana awo osakwana zaka 18, ndiye anthu otere amve zotsatira pambuyo pa alendo? Ku Zimbabwe a Dixon Chibanda ndi Friendship Bench yawo anaphunzitsa agogo kukhala pa benchi pa kiliniki nkumamvetsera anthu ovutika ndi chimene iwo amati kufungisisa, kuganiza kwambiri kumene, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti zimathandiza. Kuno agogo ndi alangizi tili nawo mudzi uliwonse, amayi a SMAG, aja odzipereka othandiza za uchembere wabwino m'midzi, tili nawo, chosowa ndi kandalama kotsatira koti amene wapeza vuto ayese njira yolichepetsera. Ndinawalembera zimenezi mu lipoti lomaliza, anayankha mwaulemu kuti aganizapo.

Nyenyezi ndikuwapatsa 4 pa 5, ndipo inu anasi anzanga, aphunzitsi a guidance, ana a sukulu ya unamwino amene mwangomaliza, lembani ndithu. Koma yambani msanga za chilolezo, dziwani kuti kafukufuku wa zaumoyo amadutsa ku National Health Research Authority monga lamulo la 2013 linenera, katengeni kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, ndipo musalowe m'mudzi musanakaonekere kwa amfumu. Mu bajeti ikani bando ya intaneti, ikani ya kumasulira, ndipo muumirire kuyambira pachiyambi kuti pakhale ya ulendo wobwerera.

Ine wanga wobwerera ndikupita Loweruka likubwerali ndi ndalama yanga. Amayi a SMAG anena kuti aitana atsikana ndi anakubala awo pansi pa mtengo wa mango pa kiliniki, amfumu nawo avomera kubwera, ndipo ndalemba zonse pa tsamba limodzi m'Chinyanja kuti ndikawawerengere.