PSU ya 650W patatha miyezi ndikuigwiritsa ntchito

Ndinadikira dala kuti papite miyezi ndisanaiyamikire PSU imeneyi (bokosi lomwe limapereka magetsi ku zipangizo zonse za m'kompyuta), chifukwa vuto la magetsi m'kompyuta limatha kubisala kwa kanthawi kenako n'kutulukiranso. Mpaka pano silinabwerere.

Poyamba kompyuta inkayenda bwinobwino ndikamalemba kapena kuonera mavidiyo, koma gemu ikangofika pothina inkathima mwadzidzidzi n'kuyakanso yokha. Mu Event Viewer, momwe Windows imasunga mbiri ya zochitika pa kompyuta, munkangolembedwa Kernel-Power 41, uthenga womwe umangotsimikizira kuti makina anathima mosayembekezereka, osatchula chawathimitsa. Purosesa sinkatentha mopyola, RAM nayo inadutsa bwino pa MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM.

PSU yakale inalembedwa 600W pabokosi ndi manambala akuluakulu. Koma pa kapepala kam'mbali, mzere wa mavoti 12 (12V) unkapereka ma amp 38 (38A) okha, omwe ndi mawati 456, chonsecho purosesa ndi graphics card zonse zimakoka magetsi pa 12V pomwepo. Ine ndili ndi purosesa ya Ryzen 5 5600 ndi graphics card ya RTX 3070 ya mawati 220, ndipo makina onse akalemedwa amadya mawati pafupifupi 350. Powerengera zimaoneka ngati zikukwana. Zomwe masamu amenewa saonetsa n'zakuti makhadi amasiku ano amatha kukoka mphamvu yoposa pamenepo kwa kanthawi kochepetsetsa, ndiye PSU yofooka imayesa kuti pachitika ngozi n'kudula magetsi.

N'chifukwa chake mayeso odziwika aja sanandithandize kwenikweni. Kulumikiza waya wobiriwira ndi wakuda pa pulagi ya mapini 24 kumangosonyeza kuti PSU ikuyaka, basi. Multimeter, chipangizo choyezera magetsi, inkaonetsa 12V ili pakati pa 11.4 ndi 12.6 monga zimafunikira, koma siingagwire kutsika kwa m'kuphethira kwa diso.

Yatsopanoyi ndi 650W, kukula komwe Nvidia, kampani yopanga RTX 3070, imalangiza pa khadi limeneli, ndipo pa 12V imapereka 54A, pafupifupi mphamvu yake yonse. Khadi ndinalipatsa zingwe ziwiri zosiyana m'malo mwa chingwe chimodzi cha mitu iwiri. Anzanga ena ankati ndingogula ya 1000W kuti ndigone tulo. Sindinaone chifukwa. Kompyuta imangotenga zomwe ikufuna, ndipo 350 pa 650 ndi pafupifupi theka, pomwe PSU imataya magetsi ochepa. Chizindikiro cha 80 Plus Gold chomwe chimaikidwa pa ma PSU ena chimanena za kusataya magetsi kumeneku, osati za kulimba kwa zam'kati, choncho musamachikhulupirire pachokha.

Zodandaula zilipo pang'ono. Zingwe zake n'zouma, zovuta kupinda m'kesi yaing'ono. Pa menyu za magemu ena imalira kaphokoso kosongoka, kosamveka mukavala mahedifoni. Fani yake siizungulira ntchito ikakhala yochepa, moti wosadziwa angaganize kuti yafa, koma anaipanga choncho. Sefa ya fumbi ya pansi pa kesi imafuna kupukuta pafupipafupi, apo ayi faniyo imayamba msanga.

Chenjezo kwa amene akusintha PSU ya zingwe zochotseka: musasiye zingwe za yakale n'kuzilowetsa mu yatsopano. Mapulagi amatha kulowa bwinobwino koma mawaya ali m'malo osiyana, ndipo hard drive imatha kupsa pomwepo. Komanso musatsegule PSU yokha, ma capacitor ake amasunga magetsi ngakhale mutaizula pakhoma.

Ndikadzagula khadi la mawati opyola 300, iyi idzachepa, ndipo ndidzayang'ana ya muyezo wa ATX 3.0, womwe unapangidwa kuti uzipirira kukoka kwadzidzidzi kuja. Pa makina omwe ndili nawo panopa, 650W yakwana.