Mnyamata wogwira njoka amene ndinamuitana kwathu ku Matawale

Lachiwiri lapitali, cha m'ma 10 koloko m'mawa, ndinalowa m'khitchini kukatenga chipande n'kupeza chinthu chobiriwira chitalendewera pa mtanda wa denga, mutu chitadzutsa. Ndisanakuwe n'komwe chinali chitatsetsereka kale pakhoma n'kukabisala kuseri kwa matumba a chimanga. Ine ndinakulira ku Jali, njoka ndaziona zosiyanasiyana, koma yothamanga pa njerwa ngati ikuyenda pabwalo ndinali ndisanaionepo.

Aneba anga anatulukira ndi khasu. "Ndi mbobo imeneyo, mayi. Bweretsani tayala tiwotche, utsi uithamangitse." Tayala m'khitchini momwe muli chimanga changa? Akazi awo ndiwo anandipatsa nambala ya mnyamata wina amene amagwira njoka kuno ku Zomba.

Ndiyambe ndi chimene chinandiwawa. Pafoni anati, "Ndili pa Chinamwali, pompano ndafika." Pompano wakeyo anatha maola awiri. Nditaimbanso, foni inali yothimitsa. Ana anabwera kuchokera kusukulu nsima kulibe, tonse tili ndwii pansi pa mtengo wa mango. Munthu wogwira ntchito ngati imeneyi foni yake isamathe moto, chonde.

Anafika pa kabaza atanyamula ndodo yokhota kunsonga, thumba la nsalu ndi ndowa ya chivindikiro. Anatiuza kuti tisunthe, n'kuyamba kuchotsa matumba limodzilimodzi osapupuluma. Njoka ija itatulukira, anaiyang'ana kaye, kenako anaseka, n'kuinyamula ndi manja. Mtima wanga unangoti phwii, koma aneba anabwerera m'mbuyo khasu lili m'mwamba.

"Amayi, bwerani muione. Uyu ndi namasamba, alibe ululu."

Apa m'pomwe ndalama yanga inagwirira ntchito. Anandionetsa timadontho takuda kuyambira pakhosi mpaka cha pakati, ndipo chakumchira kubiriwira kuja kunali kutasanduka ngati mkuwa. Maso aakulu, ozungulira, m'mphepete mwake mwachikasu. Lilime labuluu, kunsonga kwakuda. Itakwiya inafufumitsa khosi, ndipo pakati pa mamba panaoneka khungu labuluu. Akuti n'kungoopseza chabe. Kuluma imaluma ndithu, inam'kanda pachala ife tikuona, iye anangopukuta ndi mpango. Ataitembenuza anandigwiritsa kumimba: m'mbali monse muli kamzere kokhakhala, ndiko kamaithandiza kukakamira pa khungwa la mtengo kapena pa njerwa. Kutalika kwake sikunapose mita imodzi, kuonda ngati chala changa. M'mabuku akuti imatchedwa Philothamnus semivariegatus, anachita kundilembera m'foni chifukwa lilime langa linakana.

Ndinamufunsa chimene imafuna m'nyumba mwanga. Analoza pakhoma pafupi ndi babu. Analimata! Chakudya chake ndi amenewo, abuluzi ndi tiachule tam'mitengo, ndipo imasaka masana, n'chifukwa chake tinakumana m'mawa. Imaikira mazira m'nyengo yotentha ino, ochepa chabe, sapitirira 12 kawirikawiri. Njira yolowera inali nthambi ya mango yomwe yagona pa malata. Nthambi imeneyo ndakhala ndikuwauza bambo a kunyumba kuno kuti aidule chiyambire Ogasiti.

Chinandisangalatsa n'chakuti sanatipusitse kuti njoka yobiriwira iliyonse ndi yofatsa. Anati ilipo mbobo yobiriwira, yaitali mpaka mamita 2, mutu wake wautali ngati bokosi la maliro, komanso ina imene azungu amati boomslang, imene ululu wake umachititsa munthu kutaya magazi. Kwa munthu wamantha zonsezi zimaoneka zofanana, ndiye osagwira. Wina akalumidwa, osamanga chingwe, osatema mphini, koma kuthamangira naye ku Zomba Central Hospital.

Mtengo anati K15,000 kuphatikizapo ya kabaza. Ndinanenerera mpaka K12,000 pomukumbutsa maola awiri aja, sanalimbelimbe. Usiku ndinagona ndikuwerengera: ndalama ya ndiwo za masiku angapo yapita chifukwa cha kanyama kamene kakanatuluka kokha tikanangosiya chitseko chotsegula, iye mwini anavomera zimenezo. Komabe ikadzabweranso ina yopanda madontho, ndidzamuimbira yemweyo, ndipo ndidzayamba ndam'funsa ngati foni ili ndi moto.

Njokayo anati akaimasula m'tchire la m'mbali mwa Mulunguzi. Aneba sanakhulupirire mpaka lero, akuti mnyamatayo ali ndi mankhwala m'thupi. Nthambi ya mango ija idakali pa malata.