Kachipangizo kotchipa koyezera makoma a masilinda: kamathandiza, koma kokha sikokwanira

Aliyense amene anatengapo buloko ya injini kupita nayo kwa eni makina ku Booysens kapena ku Wynberg mumzinda wa Johannesburg kuti akakuze mabowo a masilinda amadziwa kuti funso loyamba limakhala la saizi ya mapisitoni, kaya akhale okulirapo ndi mamilimita 0.50, 0.75 kapena 1.00. Funso limene silimveka kawirikawiri, chikhalirecho ndilo lalikulu, ndi lakuti chitsulo chatsala chokhuthala bwanji pakati pa bowo la silinda ndi njira ya madzi imene ili kuseri kwake. Pa zida zoyezera kukhuthala pogwira mbali zonse ziwiri, veniya singafikeko, micrometer nayonso singafikeko, chifukwa mbali inayo ya khomalo inabisika m'kati mwa buloko. Njira yodziwira popanda kudula buloko ndi kachipangizo ka ultrasonic, kamene kamatumiza phokoso losamveka ndi khutu la munthu m'kati mwa chitsulo, n'kuwerenga nthawi imene phokosolo latenga kuti ligunde kuseri kwa khoma ndi kubwerera.

Nkhaniyi imatikhudza kwambiri ife amene timagwira injini zakale. Injini ya 4Y ya m'mateksi a Toyota akale, A14 ya Nissan 1400 imene inasiya kupangidwa mu 2008, ngakhalenso 2TR ya Quantum, zonsezi mabuloko ake ndi a cast iron, chitsulo choumbidwa pochithira m'chikombole chili chosungunuka, ndipo ambiri mwa mabuloko amene amapezeka m'masikirapu a ku Johannesburg akhala zaka zambiri akuthiridwa madzi a pampopi opanda antifreeze, mankhwala amene amatetezanso ku dzimbiri. Dzimbiri limadya khoma kuchokera kuseri. Komanso pali vuto lochokera ku fakitale: pothira chitsulo chosungunuka, chikombole cha mchenga chimene chimasiya njira za madzi chimatha kusendera mbali imodzi, kotero kuti silinda imabadwa ndi khoma lokhuthala uku, lopyapyala uko. Munthu amene wagula buloko yotere, n'kuilipirira ntchito, n'kuikweza pa lole yodutsa ku Beitbridge mpaka ku Mwanza, amadzamva kuti yang'ambika ili kale ku Ndirande, kumene palibenso womubwezera ndalama.

Kamene ndimagwiritsa ntchito ndi kamodzi ka tizipangizo totchipa ta ku China timene timagulitsidwa pa intaneti ndi mayina osiyanasiyana koma tili tofanana m'kati. Kamabwera m'kabokosi ka pulasitiki, muli probe (kamutu ka pa chingwe kamene mumagunditsa pa chitsulo poyeza) ya 5 MHz yotambalala mamilimita 10 kunsonga, kabotolo ka jelo yopaka pamalo oyezapo, ndi kachitsulo kozungulira kokhuthala mamilimita 4 komatidwa pa thupi lake kuti muzikonzerapo muyeso. Mtengo wake ndi kagawo kakang'ono chabe ka mtengo wa zida za makampani odziwika monga Evident, imene kale inali mbali ya Olympus, kapena Dakota Ultrasonics, amene anapanga PR-82 makamaka chifukwa cha omanga injini za mpikisano. Pa chitsulo wamba chafulati kachipangizoka sikachititsa manyazi: mukayeza pachigamba cha chasisi, kenako n'kuyeza pomwepo ndi micrometer, manambala amayandikana ndithu. Mavuto amayamba mukakalowetsa mu silinda.

Vuto loyamba, lomwenso ndi loopsa kuposa onse, ndi la liwiro la phokoso. Kachipangizoka sikaona kukhuthala, kamangowerenga nthawi n'kuichulukitsa ndi liwiro limene mwakauza. Mu chitsulo wamba phokoso limayenda pafupifupi mamita 5,920 pa sekondi, ndipo kachitsulo ka mamilimita 4 kaja ndi ka mtundu umenewu. Mu cast iron ya mabuloko phokoso limachedwa chifukwa cha timabande ta graphite timene tamwazikana m'chitsulomo, ndipo mabuku ambiri amalemba mamita 4,600 pa sekondi, ngakhale kuti nambalayi imasintha kwambiri kuchokera pa buloko ina kufika pa ina. Tiyerekeze kuti khoma lenileni ndi mamilimita 3.5 koma kachipangizo kasiyidwa pa liwiro la chitsulo wamba. Kadzaonetsa mamilimita 4.5. Cholakwikacho chimapendekera mbali yoipa, chifukwa chimakulimbitsani mtima kuti chitsulo chilipo chambiri pamene palibe. N'chifukwa chake chinthu choyamba kufunsa musanagule ndi chakuti kodi kachipangizoko kamalola kulemba liwiro lililonse, komanso kodi kamatha kudziwerengera kokha liwiro mukakauza kukhuthala kwa chidutswa chimene mwayeza kale. Tilipo tina totchipa kwambiri timene timangopatsa mndandanda wa zitsulo zochepa woti musankhepo. Timeneto musawonongerepo ndalama.

Kanga kamachita zonse ziwiri, ndipo apa ndikayamikire. Pa buloko iliyonse ndimayamba ndafunafuna malo amene micrometer ingagwire mbali zonse ziwiri, monga kumunsi kwa silinda kumene khoma limatulukira m'chipinda cha crankshaft, kapena pafupi ndi bowo la pampu ya madzi, ndipo ndimasintha liwiro mpaka manambala awiriwo atagwirizana. Chabwino koposa ndi kupempha buloko yakufa ya mtundu womwewo kusikirapu, n'kudulapo chidutswa cha khoma la silinda ndi girayinda, kuti muzikonzera muyeso pa chitsulo chopindika mofanana ndi chimene mukuyeza.

Vuto lachiwiri ndi nsonga ya probe. Nsongayi ndi yafulati pamene silinda ndi yozungulira, choncho imakhala ngati thabwa loyalidwa pamwamba pa ngalande: imagunda m'mbali mokha, pakati n'kutsala mpata. Mu silinda ya 4Y, imene bowo lake ndi mamilimita 91, probe ya mamilimita 10 imasiya mpata wa pafupifupi mamilimita 0.3 pakati pake, ndipo mu A14 ya mamilimita 76 mpatawo umaposerapo. Mpata umenewu umadzaza jelo, ndipo popeza phokoso limachedwa kwambiri mu jelo kusiyana ndi m'chitsulo, kachipangizo kamaonjezera nthawi imeneyo pa kukhuthala kwa khoma. Apanso cholakwika chikukokera mbali yomweyo yonamiza. Mumaziona ndi maso: mukapendeketsa dzanja pang'ono, nambala imadumpha, kachizindikiro kosonyeza kuti probe yagwira bwino kamayaka n'kuzima, mwina sikirini imangoima pa nambala yakale inu n'kumaganiza kuti ndi yatsopano.

Njira zothetsera zilipo ziwiri. Yoyamba ndi kugula probe yaing'ono, ya mamilimita 6, imene mpata wake mu silinda yomweyo umatsika kufika pa 0.1. Yachiwiri, imene amakaniko ambiri amatsata, ndi kuyala sandipepa yosalala m'kati mwa silinda n'kumakhuluza nsonga ya probe pang'onopang'ono mpaka itatenga kupindika kwa khomalo. Zimatheka, chifukwa kunsongako kuli pulasitiki yolimba yokhuthala ndithu, koma dziwani kuti probe yopalidwa motere sikhalanso bwino pa kachitsulo kafulati ka mamilimita 4, ndiye chidutswa cha buloko yakufa chija chimasanduka chofunika zedi. Ine ndimalangiza kugula ma probe awiri tsiku lomwelo, ina yopala, ina yosiya momwe ilili. Zida zodula za omanga injini zimabwera ndi probe yopindika kale, ndipo mbali ina ya ndalama zambirizo mumalipirira chimenechi. Ogulitsa ena amalimbikitsa probe ya 2 kapena 2.5 MHz ponena kuti imalowa bwino mu cast iron. N'zoona pa chitsulo chokhuthala, koma nsonga zake zimakhala zazikulu, ndipo pa khoma la mamilimita ochepa mu bowo lozungulira ukulu umenewo umabweza vuto lomwe lija.

Poyeza, silinda itsukidwe bwino, ndipo iliyonse iyezedwe mbali zinayi, pamwamba, pakati ndi pansi, kutanthauza malo 12 pa silinda imodzi ndi 48 pa injini ya masilinda anayi. Manambala onse alembedwe papepala, chifukwa chimene mukufuna kuona ndi kusendera kwa khoma m'buloko yonse, osati nambala imodzi. Mbali zoyenera kuzisamala ndi ziwiri zimene zili kumanja ndi kumanzere kwa crankshaft, popeza kumeneko ndi kumene pisitoni imatsamira ikamakwera ndi kutsika. Mukakuza bowo ndi mamilimita 1.00, khoma limataya mamilimita 0.5 mbali iliyonse, ndiye chotsani nambala imeneyi pa yaing'ono kwambiri imene mwapeza. Omanga injini ambiri safuna kutsika pansi pa mamilimita 3, ndipo pa injini ya turbo kapena ya mpikisano amafuna mbali yotsamira pisitoni isachepere pa 4.5 kapena 5. Khoma likachepera pamenepo, nkhani yake ndi ya sleeve, chipaipi chachitsulo cholowetsedwa m'bowo kuti chikhale khoma latsopano, kapena buloko ina.

Pali zimene kachipangizo kotchipa sikangakuuzeni. Kalibe sikirini yoonetsa mafunde obwerera, choncho kakalandira phokoso lochokera pa kampata ka m'kati mwa chitsulo kamangolemba nambala osachenjeza. Tizibowo ta dzimbiri tating'onoting'ono kamatha kutidumpha. Mng'alu sikaupeza, kotero kuyesa buloko ndi mpweya wopopedwa m'njira za madzi kuyenera kuchitikabe. Pa mabuloko a aluminiyamu okhala ndi sleeve yachitsulo m'kati, phokoso limabwerera pamene zitsulo ziwirizo zakumanirana, ndipo chimene mumawerenga ndi sleeve yokha.

Kwa makaniko amene amagula mabuloko akale a cast iron ndipo akufuna kusiyanitsa yabwino ndi yowola asanatulutse ndalama, kachipangizoka n'koyenera mtengo wake, bola akhale ndi micrometer ndi chidutswa chokonzera muyeso. Nambala yachiwiri pambuyo pa dontho isakukopeni, chifukwa pa cast iron yadzimbiri kuseri ngakhale 0.1 ndi yovuta kuitsimikiza. Amene akufuna kukuza injini mpaka kumalire kwenikweni, kapena ayenera kupereka chikalata cha muyeso kwa kasitomala, ndi bwino alipire malo okhala ndi chida chodula chimene chinatsimikizidwa ku labotale yovomerezedwa ndi SANAS, bungwe la ku South Africa lovomereza malabotale. Ndipo musanalipire, funsani wogulitsa ngati amasunga ma probe apadera olowa pa pulagi ya kachipangizoko, chifukwa chingwe cha probe ndicho chimayamba kuthyokera pakhosi, ndipo kuitanitsa china kunja kumafuna kudikira, kuonjezerapo VAT ya ku South Africa ya 15 peresenti ndi ndalama za otumiza katundu.