Shopu yosindikiza ya ku Nsungwi: ntchito yabwino, koma yang'anani kaye asanalaminete

Mwana wanga wa sitandade 7 anauzidwa kusukulu kuti apange tchati cha nyama yomwe inatheratu padziko, anzake onse anathamangira ma dinosaur koma iye anakakamira mbalame inayake ya kunyanja yotchedwa great auk, ndiye Loweruka tinapita pa kashopu kena kosindikiza chakumsika wa Nsungwi ku Area 25 ku Lilongwe konkuno. Magetsi anali atathima koma ali ndi jenereta, apa ndawapatsa ulemu.

Vuto linayamba ndi chithunzi. Mnyamata wa pa kompyuta anangolowa pa intaneti n'kukoka penguin, ine osaona bwino, mwana ndi amene anakuwa kuti amayi si imeneyitu! Mnyamata uja nkumati "Mayi, zonsezi ndi zimodzi, yakuda kumsana yoyera pamimba, siuluka, basi." Ayi ndithu. Ma penguin amakhala kummwera kwa dziko, pomwe iyi inkakhala kumpoto kwa nyanja ya Atlantic, kuyambira ku Newfoundland ku Canada mpaka Greenland, Iceland, Scotland ndi Norway. Chodabwitsa n'choti dzina loti penguin linali lake iyeyu poyamba, enawa anangolitengera chifukwa chofanana maonekedwe, moti mnyamatayo sindinamukwiyire kwambiri. Koma anali atalamineta kale pepala la A3, ndipo bwana wake anafuna kuti tilipire kawiri, tinakanganako pang'ono mpaka anagonja.

Pepala lachiwirilo ndiye linatuluka bwino zedi. Kadontho koyera kaja ka pakati pa diso ndi mlomo kakuoneka, mizere ya pa mlomo wake waukuluwo nayo ikuoneka, ndi timapiko take tating'ono tonga ta mwanapiye pa chimbalame chotalika pafupifupi masentimita 80, cholemera makilo 5. Mapu anajambula yekha mnyamata yemweyo, anaika Funk Island ya ku Canada, St Kilda ya ku Scotland ndi Eldey ya ku Iceland, zilumba zomwe mbalameyi inkaswanirana. Inkaikira dzira limodzi lokha, pamwala penipeni popanda chisa, ndiye anthu akabwera kudzafuna nyama, mafuta ndi nthenga zake, sinkatha kuthawa, pamtunda inkangoyenda mwapang'onopang'ono ngakhale m'madzi inali katswiri.

Pomwe tinafika pa nkhani ya St Kilda shopu yonse inaima. Cha m'ma 1840 anthu kumeneko anagwira imodzi, kenako kutabwera chimphepo anaipha ati ndi mfiti. Mayi wina amene amadikira ma fotokope a sukulu anaseka mpaka misozi, akuti kani azungu nawonso. Ziwiri zomaliza zodziwika zinaphedwa pa Eldey ku Iceland mu 1844, zikufungatira dzira.

Mtengo siwoipa, inki yawo siyofwifwa ngati malo ena, ndipo amalandira ndalama pa foni. Ndidzapitanso, koma ulendo uno ndidzaima kumbuyo kwa mnyamata uja mpaka atadina print.