Laputopu yasiya kutentha koma mkuluyu foni sayankha

Amene laputopu yanu ikutentha ngati mbaula, mkulu wokonza makompyuta amene anandikonzera yanga ntchito amaitha ndithu. Inkangozima yokha, fani kumangolira osapuma, ndiye atatsegula kunsi kuja fumbi linali litaundana pa heatsink (kachitsulo kochotsa kutentha kwa purosesa) mpweya osadutsa olo pang'ono, paja purosesa ikamayandikira madigiri 100 imayamba kuchedwa dala kenako nkuzima kuti isapse. Anapukuta ndi kaburashi, nkuchotsa thermal paste (kaphala kopaka pakati pa purosesa ndi heatsink) yakale yomwe inali itauma gwa nkupaka ina. Akuti ndisamaiikenso pabulangete, zimatseka timabowo ta mpweya. Pano ili bhobho olo nditsegule mavidiyo tsiku lonse. Chondibowa nchoti foni sayankha, umachita kumulondola wekha kukafunsa ngati wamaliza, komanso ka screw kamodzi sanabwezeretse.